ZA PAKHOMO NDI PAMUNDA: Nsawa Zathu pa Sikelo ya Maiko



Ino ndi nyengo imene nsawa zacoka kumunda. M'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi amai ndi ana ali kukhala pamphasa madzulo kuswa nsawa, ndipo m'mbali mwa miseu ogula apacika kale masikelo ao pansi pa mitengo. Aliyense ali kufunsa mtengo wa kilogalamu. Mwezi uno tiyeni tifunse funso lina limene silimveka kawirikawiri pamsika: nsawa zikacoka m'manja mwathu zimakasanduka ciani, ndipo amapindula nazo ndani? Kuti tiyankhe bwino, tiyambe taona zimene maiko ena amacita ndi mbeu yomweyi.

Olima zambiri ndani?

Bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, lochedwa FAO, limasonkhanitsa ziwerengero za zokolola caka ndi caka. Mu 2022 dziko lonse lapansi linakolola nsawa zosaswa zokwana matani pafupifupi 54 miliyoni. Tani imodzi ndi matumba 20 olemera makilogalamu 50 lililonse. Pa mulu wonsewu, China yokha inakolola matani 18 miliyoni, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo atatu. India inatsatira ndi matani 10 miliyoni, Nigeria ndi matani opitirira pang'ono 4 miliyoni, ndipo America ndi Sudan anakolola pafupifupi matani 2.5 miliyoni dziko lililonse.

Nanga ife? Kucokera mu 2015 kufika mu 2022 nsawa za Zambia zinali pakati pa matani 100,000 ndi 200,000 pa caka, ndipo Cigawo ca Kum'mawa ndico cinali patsogolo. M'caka cabwino, ca matani 180,000, China imatiposa ka 100. Anansi athu a ku Malawi, ngakhale dziko lao ndi laling'ono, amakolola matani opitirira 300,000.

Koma tisafulumire kugwa mphwayi, pakuti ciwerengero ca dziko ciyenera kugawidwa ndi pakamwa pa anthu ake. China ili ndi anthu 1,400 miliyoni, conco munthu mmodzi amapatako makilogalamu 13. Ife, malinga ndi kalembera wa 2022, tinali anthu 19.6 miliyoni, ndipo munthu mmodzi akanapatako makilogalamu 9. Pamenepa kusiyana sikoopsa. Kumene tatsalira kwenikweni ndi pa hekitala. Mlimi wa ku America amakolola matani opitirira 4 pa hekitala imodzi, wa ku China pafupifupi 4, pamene mlimi wathu nthawi zambiri safikitsa ngakhale tani imodzi. Zifukwa zake tikuzidziwa. Nsawa timazibzala pomalizira, cimanga ndi thonje zitatha. Mbeu yake ndi yobwereza zaka zambiri. Kupalira kumacedwa, cifukwa kawirikawiri munda wa nsawa umasiyidwa m'manja mwa mai yekha.

Kulima ndi kwina, kukonza ndi kwina

Ziwerengero za kumunda zimangofotokoza theka la nkhani. Makilogalamu 100 a nsawa zosaswa amatulutsa njere zokwana pafupifupi makilogalamu 70. Pafupifupi theka la kulemera kwa njerezo ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anai ndi cakudya comanga thupi. Cuma ca nsawa cagona m'menemo, ndipo amene amaswa, kusankha, kukazinga, kupera ndi kufinya ndiye amacipeza.

China imafinya mafuta ophikira kucokera ku pafupifupi theka la nsawa zake, ndiko kuti matani 9 miliyoni kapena kuposerapo pa caka. Tikagawa ndi masiku a caka, makina a kumeneko amameza matani 25,000 tsiku lililonse. Nsawa zonse za Zambia za caka cabwino zikanatha m'sabata imodzi. Ngakhale zili tero, zao siziwakwanira, ndipo amagulanso zina ku maiko a mu Africa, monga Senegal ndi Sudan. Ku India nako mafakitale ofinya mafuta ndi ambiri, makamaka m'cigawo ca Gujarat cimene cimalima nsawa kuposa zigawo zonse.

America inatenga njira ina. Kumeneko pafupifupi theka la nsawa zimalimidwa m'cigawo ca Georgia, ndipo zoposa theka la nsawa zimene anthu amadya zimadyedwa ngati ciponde ca m'mabotolo. Lamulo lao limati cinthu sicingachedwe ciponde ca nsawa ngati magawo 90 pa 100 alionse a zam'botolomo sali nsawa zenizeni. Ciponde cimene agogo athu akhala akusinja mumtondo kuyambira kale, iwo anacisandutsa malonda opatsa nchito anthu zikwizikwi.

Citsanzo cotiphunzitsa kwambiri ndi ca Argentina ndi Nigeria. Argentina imakolola matani pafupifupi miliyoni imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene Nigeria imakolola kuwirikiza katatu kapena kanai. Koma pamsika wa maiko Argentina ili pakati pa ogulitsa akuluakulu, ndipo maiko a ku Europe amadalira kwambiri nsawa zake, pamene dzina la Nigeria silimveka konse. Cinsinsi ca Argentina cili m'cigawo ca Córdoba. Mafakitale anamangidwa pafupi ndi minda. Nsawa zimaumitsidwa bwino, kuswedwa, kusankhidwa ndi makina ozindikira njere yoipa poona mtundu wake, ndipo mulu uliwonse umapimidwa usanakwere sitima ya pamadzi. Wogula wa kutali amadziwa cimene ali kugula asanatsegule thumba.

Nigeria inali ndi nthawi yake. M'zaka za m'ma 1960 inali patsogolo pa maiko ogulitsa nsawa kunja, ndipo mumzinda wa Kano matumba anali kuunjikidwa milu yaitali ngati mapiri podikira sitima ya pamtunda. Cilala ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 cinafika, kenaka mu 1975 matenda a rosette, aja ofinyimbitsa masamba amene ena amati kadukutu, anaononga minda. Boma nalo linali litatembenuzira maso ku ndalama za mafuta a galimoto. Milu ya ku Kano inatha, ndipo ngakhale ulimi wa nsawa unadzukanso, msika wa kunja sunabwerere.

Ku Senegal kuli phunziro lina. Dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni, ocepera pang'ono ife, koma mu 2022 linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu 1975 boma la kumeneko linakhazikitsa kampani ya SONACOS kuti mafuta azifinyidwa m'dziko momwemo. Kucokera mu 2014, pamene Senegal ndi China anagwirizana za malonda a nsawa, ogula otumiza ku China anayamba kupereka mtengo woposa wa mafakitale a m'dzikomo. Alimi anakondwa, ndipo palibe angawadzudzule, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma m'nyengo ya 2019 mpaka 2020 mafakitale anasowa nsawa zofinya, ndipo anchito ambiri olembedwa pa nyengo anabwezedwa kunyumba. Nsawa zikatuluka m'dziko zili zosakonza, nchito ya ana a dzikolo imakwera nazo sitima.

Fakitale imene siwerengedwa

Tisanadziweruze, tikumbukire kuti olemba ziwerengero amawerenga za m'mafakitale. Mtondo ndi munsi sizilowa m'mabuku ao. Kumpoto kwa Nigeria amai amafinya mafuta pamanja, ndipo zotsalira amazikazinga kukhala kulikuli, cakudya cogulitsidwa m'misika yonse. Kwathu kuno, nsinjiro zotendera cibwabwa, ciwawa ndi khwanya, nsinjiro za m'phala la mwana, ciponde ndi nsawa zokazinga zogulitsa pasiteshoni, zonsezi ndi nchito yokonza nsawa. Fakitale yaikulu koposa ya nsawa m'Zambia muno ndi manja a amai athu, ndipo ndi fakitale imene sipatsidwa malipiro kapena ulemu woyenera.

Komabe tivomereze kuti mafuta ophikira amene timagula m'sitolo, saladi uja, amacokera makamaka ku soya, mpendadzuwa, njere za thonje ndi mafuta a kanjedza ogulidwa kunja. Mlimi amagulitsa mbeu imene theka lake ndi mafuta pa mtengo wotsika wa nthawi yokolola, n'kutenga ndalama zomwezo kukagula kabotolo ka mafuta ocokera kutali. Pofika Novembala amagulanso mbeu yobzala pa mtengo wokwera, mwina kwa munthu yemwe uja anamgula.

Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nsawa za Chalimbana, zija za njere zikuluzikulu, zinali kucoka Kum'mawa kudzera m'makoparetivu kupita ku Europe, kumene zinali zokondedwa. Msika umenewo unatipulumuka. Makoparetivu atafooka ndipo malonda atasiyidwa m'manja mwa aliyense kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, panalibenso wosankha ndi kupima nsawa mwadongosolo. Pa nthawi yomweyo maiko ogula anali kukhwimitsa malamulo ao pa mdani mmodzi wosaoneka ndi maso.

Cuku: mdani wa msika ndi wa mwana

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zokwana 100,000 ndi matenda osadziwika. Akatswiri atafufuza anapeza kuti zinadya cakudya copangidwa ndi zotsalira za nsawa zocokera ku Brazil, zimene zinali ndi cuku. Cuku cimeneci, cochedwa Aspergillus flavus, cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Lero maiko a European Union salola nsawa zodya anthu ngati poizoniyu apitirira magawo 4 pa magawo 1,000 miliyoni. Muyeso wake ndi wocepa kotero kuti njere zowerengeka zoola zikhoza kukanitsa katundu yense.

Tisaganize kuti ili ndi vuto la azungu okha. Aflatoxin amaononga ciwindi ndipo amayambitsa khansa ya m'ciwindi. Madokotala aonanso kuti ana odya cakudya ca poizoniyu kawirikawiri amapinimbira. Kuphika ndi kukazinga sikumuthetsa, ndipo amadutsa ngakhale mumkaka wa mai woyamwitsa ndi wa ng'ombe. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya cimanga ca cuku. Kwathu kuno, mu Ogasiti 2024, caka ca cilala coopsa cija, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi poizoni yemweyu, ndipo anapezekanso mu ufa wina wa cimanga wogulitsidwa m'masitolo. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Zifukwa zake ndi zambiri, koma sitiyenera kuonjezerapo cina ndi manja athu.

Apa ndipo pali nkhani ya cikumbumtima. M'mabanja ambiri, posankha nsawa, njere zabwino zimalowa m'thumba logulitsa. Zofota, zoboola, zakuda ndi zowawa zimaikidwa m'lichero lina, ndipo zimenezo ndizo zimasinjidwa kukhala nsinjiro za m'phala la mwana. Poizoni amaculuka m'njere zomwezo. Motero mlendo amene sitidzamuona amadya zabwino, pamene mwana amene tinamnyamula kupita naye ku ubatizo, n'kulonjeza pamaso pa Mpingo kuti tidzamlera, amadya zotaya. Inu amai ndi inu atate, njere yoola si ya mwana, si ya nkhuku, si ya nkhumba. Ikwirireni m'dzenje.

Palinso cizolowezi cowaza madzi pa nsawa kuti makoko afewe poswa, kapenanso kuti thumba lilemere pasikelo. Cinyezi ndico cimadzutsa cuku. Wowaza madzi kuti aonjeze kulemera akuba kawiri: akuba ndalama za wogula, akubanso thanzi la wodzadya. Wogula wokhotetsa sikelo naye ali pa mlandu womwewo, ndipo ena mwa ogulawo timapemphera nao limodzi pa Sabata. Mneneri Amosi pa mutu 8 ndiponso buku la Miyambo pa mutu 11 amadzudzula mwamphamvu miyeso yonyenga. Lamulo lacisanu ndi ciwiri limagwira mbali zonse ziwiri za sikelo.

Tingacite ciani?

Sitidzafika pa matani a China, ndipo sikofunika kulota zimenezo. Ukulu pawokha supindula. Mu 1947 boma la Britain, pofuna mafuta ophikira nkhondo itatha, linatumiza mathirakitala ku Kongwa m'dziko la Tanganyika kuti akatsegule minda ikuluikulu ya nsawa. Mvula ya kumeneko inali yocepa ndipo nthaka inali youma gwa. Pofika 1951 nchitoyo inalekedwa, mapaundi opitirira 36 miliyoni atamwazika. Cimene cinakweza Argentina ndi ukhondo ndi kukhulupirika kwa katundu wake, ndipo zimenezi zimayambira pa zinthu zimene banja lililonse lingathe.

Coyamba ndi kumunda. Bzalani nsawa ndi mvula yoyamba, mothithikana, pakuti kubzala mocedwa ndi motalikitsa kumaitana kadukutu, ndipo nsawa zokhwimira pa cilala zimagwidwa cuku zikali m'nthaka. Funsani alangizi za mbeu zocokera ku malo ofufuzira a Msekera pafupi ndi Chipata, monga MGV4 ndi MGV5. Azibambo, munda wa nsawa ndi wa banja lonse pa nthawi yopalira, monga m'mene ndalama zake zimakhalira za banja lonse pa nthawi yogulitsa.

Caciwiri ndi pokolola. Kumbani zikangokhwima. Musaziyanike pa dothi, koma pa thandala kapena pamphasa, ndipo zisanyowe ndi mvula yomalizira. Ziume mpaka njere zizilira m'makoko pozigwedeza. Sungani zosaswa, m'matumba opita mphepo, pamwamba pa mitengo kuti zisakhudze pansi, ndipo muziswa zokhazo zimene mufuna kudya kapena kugulitsa.

Cacitatu ndi kugwirizana. Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi silingagule makina oswera nsawa, operera ciponde kapena ofinyira mafuta, koma mabanja khumi kapena makumi awiri a mu Mphakati umodzi angathe, makamaka kumene kuli kale magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Gulu limene limasankha nsawa zake bwino, kuzisunga miyezi ingapo ndi kugulitsa pamodzi limalankhula ndi wogula maso ndi maso. Zotsalira pofinya mafuta, ngati nsawazo zinali zoyera, ndi cakudya cabwino ca nkhuku ndi nkhumba. Acinyamata athu amene anatsiriza sukulu n'kumangokhala pamsika angapeze nchito yolemba mabuku a gulu, kuyendetsa makina ndi kufuna misika. Koma gulu lofuna kugulitsa ciponde m'mabotolo liyambe lafunsa a zaumoyo ku khonsolo ndi a bungwe loona za miyeso ya katundu la ZABS, ndipo ndalama za gulu ziziwerengedwa poyera mwezi ndi mwezi. Magulu ambiri a m'maparishi agwa cifukwa ca thumba losungidwa ndi munthu mmodzi.

Zitsanzo zili pafupi. Bungwe la COMACO limagula nsawa kwa alimi ang'onoang'ono a m'madera ozungulira cigwa ca Luangwa ndi kupanga ciponde cochedwa It's Wild!, cimene cimapezeka m'masitolo a m'mizinda yathu. Ku France, mu 1996, akatswiri anapanga cakudya ca ciponde cosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, cochedwa Plumpy'Nut, copulumutsira ana onyentchera kwambiri. Ku Malawi, bungwe la Project Peanut Butter limene Dokotala Mark Manary anayambitsa mu 2004 lakhala likupanga cakudya ca mtundu womwewo m'dziko momwemo. Mbeu imene imadwalitsa mwana ikakhala ya cuku ndi yomweyo imene imamuutsa pa mphasa ya imfa ikakhala yoyera.

Mu fanizo la matalente, pa Mateyo mutu 25, mbuye uja sanayerekeze wanchito wa matalente awiri ndi wa matalente asanu. Aliyense anafunsidwa za cimene anacita ndi gawo lake. Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anatiyendera kuno ku Zambia mu 1989, anaphunzitsa m'kalata yake ya 1981 yochedwa Laborem Exercens kuti nchito imalemekezeka cifukwa ca munthu woigwira, ndi kuti pogwira nchito munthu amathandizana ndi Mlengi. Mai wosankha nsawa m'lichero njere ndi njere, kuti mwana wake ndi mwana wa mlendo adye zoyera, ali kugwira nchito yotere.

Pa msonkhano wa Mphakati mwezi uno, mutatha kugawana Mau a Mulungu, kambiranani mafunso awa. Kodi nsawa zotsala posankha timazicita ciani pakhomo pathu? Kodi ndalama za nsawa amazisunga ndani, ndipo amene anapalira amalankhulapo? Kodi ndi mabanja angati pakati pathu amene angasunge matumba awiri okha mpaka Okutobala kuti tidzagulitse kapena kupera pamodzi? Mukagwirizana kanthu, dziwitsani Bambo Mfumu ndi akomiti ya citukuko ya parishi, ndipo mutilembere kuti anzathu a m'maparishi ena aphunzirepo.

Yosefe Woyera, mmisiri ndi nkhoswe ya anchito, atipempherere. Mulungu adalitse nkhokwe zanu ndi ana anu, mpaka tidzaceze mwezi wamawa.

Ndine wanu mwa Khristu,
Mkatekisi